Chifu cha Dorofi ndi Dzina Langa

Amayi, kodi mwadzuka bwanji kumene muliko?

Ndine Neliya, mwana wanu woyamba. Kuno ku Lukwa tadzuka, ngakhale kudzuka kwake n'kongotsegula maso basi. Ndakhala pakhonde la nyumba yanu, pompaja munkasankhira nyemba, ndipo ndati lero ndikulembereni, chifukwa zomwe zili mumtima mwangamu palibe wamoyo amene ndingamuuze.

Ndiyambe ndi zapamudzi. Mkazi wa Yohane, mwana wanu wamwamuna uja, wabereka mtsikana mwezi wa Januwale, ndipo tamutcha Esitere, dzina lanu. Ali ndi mphuno yanu komanso mkwiyo wanu, akafuna bere mudzi wonse umadziwa. Mvula inachedwa, kenaka inabwera yambiri nthawi imodzi n'kukokolola mizere ya kumunsi kwa chulu. Dzina lanu analifufuta m'kaundula wa makuponi, ndiye chaka chino thumba limodzi la feteleza tagawana mabanja atatu, kuyeza ndi beseni. Njovu zinatulukanso kuchokera cha ku Lifupa, koma zinathera m'munda mwa aneba, kwathu sizinafike. Fodya ali m'chigafa, wochepa komanso wopyapyala masamba. Chifukwa chake mumva kutsogoloku.

Yomwe yandigwiritsa cholembera ndi nkhani ya Dorofi, chitsirizira wanu.

Mukukumbuka mmene munkanyadira thupi lake. Akabwera kuchokera ku Lilongwe munkamuzungulira, n'kumamumenya pamkono, muli, "Uyu ndiye wandichotsa manyazi, anthu aziona kuti mwana wanga akusungidwa." Ine wowonda ngati phesi munkanditi fodya akundidya. Mutatisiya thupi lija linapitirira. Anayamba matenda a shuga, magazi kuthamanga, mawondo kukana kumunyamula. Mwamuna wake, bambo a Yamikani, ankamuseka ngakhale pagulu. Pamaliro anu penipeni ananena kuti galimoto yawo imapendekera mbali imodzi, anthu n'kuseka. Inenso ndinaseka nawo, Amayi, sindibisa.

Mwezi wa Julaye Dorofi anandiimbira foni kuti akupita ku India kukaoda nsalu za musitolo yake. Ndinamufunira ulendo wabwino, ndipo ndinamupempha kuti andibweretsere mpango.

Mu Ogasiti tinamanga chiliza chanu, monga tinagwirizana kuti tidzatero fodya akagulitsidwa. N'chokongola ndithu, mwala wakuda, dzina lanu analemba bwino osalakwitsa. Ine ndi amene ndinali mwini kuphika. Ndinafulula thobwa migolo iwiri, tinapha mbuzi, ndipo nkhuku yachikuda yonenepa kwambiri ndinaisungira Dorofi, poti inu ndi mmene munkachitira.

Atatsika m'galimoto, anthu anangoti zii. Diresi linali kumulendewera, masaya atagwa, akuyenda pang'onopang'ono atagwira pamimba. Sanawonde kwenikweni, koma kwa ife amene timamudziwa zinali zoopsa. Ndipo mukudziwa zimene anthu kuno amaganiza munthu akatsika thupi mwadzidzidzi. Ndinamva azimayi kuseri kwa nkhokwe akunong'onezana, "Kodi si matenda aja amenewa?" Mtima wanga unandipweteka. Ndinati mng'ono wanga sanyozeka pa tsiku la amayi ake ine ndilipo.

Titabwera kumanda ndinamukhazika pamphasa, pakati pa azimayi, n'kumuikira mbale yodzaza: mpunga, chiganga cha nkhuku ndi ntchafu yake, pambali chikho cha thobwa lotsekemera. Anayang'ana mbaleyo, n'kundiyang'ana.

"Achemwali, ndakhuta, tadya panjira."

"Wadya chiyani panjira? Pano ndi pa amayi ako. Idya."

Anatapa pang'ono, n'kusiya. Ine ndinakumbuka mawu anu, akuti wodwala sumufunsa ngati akufuna kudya, umangomukhalira pafupi mpaka mbale ione kumwamba. Ndinamukhaliradi. Ndinamunyenyera nyama ndi manja angawa. Atatembenukira kwa mwamuna wake, amene anali pampando chapafupi ndi amalume a Gelesomu, mlongo wanu, bamboyo anaseka n'kunena mokweza kuti, "Idya iwe, usawachititse manyazi alamu. Anthu akukuona."

Anadya, Amayi. Anamaliza theka la mbale, namwa thobwa lonse, misozi ili m'maso. Ine ndinkayesa akulira inu.

Sipanapite nthawi, thukuta linayamba kumutsika ngati wanyowa ndi mvula. Manja ankanjenjemera, mtima ukugunda moti umaoneka pa bulauzi. Anasanza kuseri kwa nyumba mpaka kugwada. Mwamuna wake anati ndi kutopa kwa ulendo, agone, zitha. M'mawa mwake thupi linali moto, akulira kupweteka m'mimba ndi paphewa lakumanzere, akupuma mobanika. Tinamutengera ku chipatala cha pa boma, ndipo iwo atangomuona pamimba anati uyu ndi wa ku Lilongwe, thamangani. Ndinakwera ambulansi ndi chitenje chimodzi chomwe ndinavala.

Kumeneko ndi kumene ndinadziwira. Dokotala, mtsikana wamng'ono kwa ine, anandiitanira pambali n'kundifunsa chimene wodwala anadya. Ndinamuuza zonse, ndi kunyadira komwe, kuti aone kuti sitinamumane.

"Mayi, kodi simukudziwa kuti m'bale wanuyu anachitidwa opaleshoni yochepetsa chifu?"

Sindinamvetse. Anandilowetsa, n'kukweza malaya a Dorofi. Pamimba panali timabala tisanu tating'ono, tongopola kumene. Anandifotokozera kuti ku India kuja sanapite kukaoda nsalu. Anakamudula chifu, mbali yaikulu n'kuitaya, kotsalako n'kusoka kuti kakhale ngati nthochi imodzi, cholinga azidya pang'ono thupi litsike. Anati munthu wotere kwa masabata angapo amangomwa zamadzimadzi ndi phala losefa, masipuni owerengeka, ndipo zotsekemera zimamugwetsa. Tsono pomwe anasokapo panali pasanagwirane bwino. Panatseguka, zam'chifu zinayamba kuchucha m'mimba, ndipo m'kati monse munayamba mafinya.

"Opaleshoniyi si yoipa ayi," anatero dokotalayo. "Yathandiza anthu ambiri a shuga. Koma ili ndi malamulo ake, ndipo amene akukhala ndi wodwala ayenera kuwadziwa. Akanachedwa tsiku lina limodzi, bwenzi tikukamba zina."

Amayi, ndinakhala pansi pasimenti. Ndinayang'ana manja anga. Anthu awiri ankadziwa, Dorofi ndi mwamuna wake. Onse awiri anandiona ndikunyenya nyama ija. Mawu amodzi okha akanakwana, kundikokera kuseri n'kundiuza kuti achemwali, pali chakutichakuti. Ndikanamuphikira phala, ndikanawauza azimayi aja kuti dokotala wamuletsa za mafuta, nkhani n'kuthera pomwepo. Koma anasankha kuti ine ndimupweteke m'bale wanga ndi manja anga, kusiyana n'kuti anthu adziwe.

Anamung'ambanso kachiwiri, ulendo uno bala lalitali. Anamuika paipi pamimba yotulutsa mafinya, ina pamphuno yodyetsera. Atatsitsimuka, mawu ake oyamba sanali opepesa. Anandigwira dzanja n'kuti, "Achemwali, musauze munthu. Ndapota nanu. Kumudzi akamva kuti ndinakadulitsa chifu dala, anzanga akugona ndi njala, ndidzayenda bwanji? Ndipo bambo a Yamikani akuti kuntchito kwawo zisamveke."

Ndinamufunsa chimene anachitira zimenezi. Anati shuga inamutopetsa, mawondo anamutopetsa, koma chachikulu anatopa ndi kusekedwa m'nyumba mwake momwe. Apo ndinakumbuka kuseka kwanga kuja pamaliro anu, ndipo ndinachita manyazi. N'chifukwa chake ndinalonjeza. Ndinati sindidzanena.

Ndinakhala naye m'chipatala masabata asanu ndi awiri, kugona pansi pa bedi lake, kumusambitsa, kumutembenuza, kenaka kumumwetsa madzi ndi sipuni ya tiyi, imodziimodzi, ndikuwerenga. Mwamuna wake ankabwera Lamulungu lokha, atanyamula maapozi omwe wodwalayo sakanatha kudya. Nthawi yonseyo inali ya nazale. Mbande za fodya zinasowa wothirira mokwanira, zina zinapsa ndi dzuwa, ndipo n'chifukwa chake chigafa chaka chino chili ndi mipata.

Ndinabwerera kumudzi ndikuganiza kuti anthu andilandira ndi mafunso a wodwala. Anandilandira ndi moni wapatali. Poyamba sindinazindikire. Ndinapatsa mwana wa aneba chinangwa chophika, mayi ake n'kumulanda, akuti wangodya kumene. Kenaka kunagwa maliro kwa a Nabanda, kutsidya kwa dambo. Ndinapita m'mamawa ndi mthiko wanga monga mwa nthawi zonse. Inu mukudziwa kuti chiyambire pamene munandiphunzitsa, palibe maliro kapena ukwati m'dera lino umene ndiwo zake sindinathire mchere ndine. Nditangoyandikira pamoto, mayi wamkulu wa kumpingo anandigwira pamkono.

"Anachisale, inu lero mutithandize kutunga madzi. Kumiphika kwakwana anthu."

Kumiphika kunali anthu atatu. Ndinatunga madzi tsiku lonse, ndipo madziwo ndinaona akutsukira mbale zokha, osaphikira.

Mkazi wa Yohane ndi amene anandiuza poyera. Akuti mudzi wonse ukunena kuti ndinamuthirira Dorofi mankhwala m'chakudya. Onse anaona: mbale yake inali yapayokha, nkhuku yake yapayokha, anakana ine n'kumukakamiza, atangodya n'kugwa. Chifukwa chake anachipezanso, akuti ndinkaopa kuti adzandilanda dimba lanu. Ndipo zoti ndinakamudwazika akuti unali mtima wondiweruza. Ine, Amayi, Neliya wanu, amene munkati ndikhoza kugawa ngakhale njere imodzi ya mtedza.

Ndinamuimbira Dorofi. Ndinati mng'ono wanga, anthu akunditcha mfiti chifukwa cha iwe, ndimasule ndinene. Anati, "Pirirani pang'ono achemwali, anthu amaiwala." Ndinawaimbira alamu, kuwapempha kuti angobwera kudzawauza amalume okha, pakhomo, popanda gulu. Anandiyankha kuti, "Alamu, za m'banja mwanga sizokambira pabwalo. Inu ngati simunachite, mukuopa chiyani?" N'kudula foni. Amalume a Gelesomu anandiitana, nandifunsa kawiri konse kuti Dorofi akudwala chiyani. Ndinangoti ndi zam'mimba. Anagwedeza mutu, ndipo kuyambira tsiku limenelo sanadyenso pakhomo panga. Munkanena kuti kamba amanyera amene wamutola. Ndinkayesa mwambi chabe.

Anthu sanaiwale. Nthawi yothyola ndi kusoka fodya, mukudziwa timathandizana, lero kwa uyu mawa kwa uyo, mwini munda n'kuphika. Kwanga anabwera awiri okha, ndipo nthawi ya chakudya itakwana onse anakumbuka kuti anasiya ana okha kunyumba. Fodya wina anapsera m'munda.

Dorofi naye sanachire monga tinkayembekezera. Shuga inatsikadi, zimenezo ndivomere, ndipo mawondo anapepuka. Koma pamene anasoka kawiri paja panafinyika, moti chakudya chikangolimba pang'ono chimabwerera. Tsitsi linayamba kuthothoka, likutsalira pachipeso. Magazi amamuthera, amachita chizungulire akaimirira, mapazi amachita dzanzi moti angathe kuponda moto osaumva. Pali mapiritsi oti azimwa moyo wake wonse ndi jakisoni wa mwezi ndi mwezi, poti kachifu kaja sikathanso kutenga zonse zofunika m'chakudya. Madokotala amene anamudula ali kutsidya kwa nyanja, amayankha foni akafuna. Khungu la m'mikono likulendewera. Mukanamuona simukanamuzindikira.

Ndipo bambo a Yamikani, amene ankadandaula za galimoto yopendekera, atopa ndi mkazi wodwaladwala. Masabata awiri apitawa anamubweretsa kuno ndi masutikesi awiri, akuti adzapumeko mpweya wa kumudzi. Sanakhale ngakhale pampando. Tamva kuti kunyumba kuja kwalowa kale mayi wina, ndipo amene anamuona akuti ndi wathupi kuposa mmene Dorofi analili. Ndinafuna kuseka, koma kuseka kwake sikunatuluke.

Ndinamulandira. Ndikanatani? Ndinamuyalira m'chipinda chanu. Ndimamuphikira phala la mgaiwa losefa, kuthiramo nsinjiro pang'ono, nthawi zina dzira, kasanu kapena kasanu ndi kamodzi pa tsiku, kakapu kamodzikamodzi. Mumtima ndinkati Mulungu wandiyankha: anthu akaona kuti wabwera yekha m'nyumba mwanga ndipo akudya za m'manja mwanga, bodza lija lifa lokha, popanda ine kuswa lonjezo.

Lachinayi lapitali azimayi a kumpingo anabwera kudzamuona, asanu ndi mmodzi, pamodzi ndi mayi wamkulu uja anandichotsa kumiphika. Anakhala pamphasa pansi pa mtengo wa mango, anaimba, anapemphera. Nthawi yake ya phala itakwana ndinabweretsa kakapu kaja, dala, kuti aone. Ndinagwada n'kumupatsa. Tsiku limenelo anali ndi mseru kuyambira m'mawa, zimenezo ndikudziwa. Anayang'ana phalalo, n'kulikankha ndi dzanja, n'kutembenuza nkhope.

Azimayi aja anayang'anana. Mayi wamkulu anasendera pafupi naye, n'kumufunsa motsitsa mawu, koma ine ndikumva, "Mwanawe, usaope, tili pano. Tiuze, chinakuchitikira n'chiyani tsiku lija la chiliza?"

Ndinamuyang'ana Dorofi m'maso, Amayi. Sindinkafuna kuti anene zonse. Akanangoti achemwali anga alibe mlandu, ndinali ndi bala m'mimba lomwe sankalidziwa, zikanandikwanira. Dorofi anawerama, n'kumakanda mphasa ndi chala. Kenaka anati, "Zonse akudziwa ndi Mulungu."

Mayi uja anati, "Hmm." Ena anati, "Ambuye atichitire chifundo." Potsanzika anamuuza kuti ngati akufuna malo ena okhala, nyumba zilipo. Ine anandidutsa ngati chitsa.

Atapita ndinatenga kakapu kaja n'kukakhala kuseri kwa chigafa. Sindinalire tsiku lomwe anandichotsa kumiphika, sindinalire amalume atasiya kudya kwanga, koma Lachinayi ndinalira ngati tsiku lomwe tinakuikani. Za mwamuna uja sizindipweteka kwenikweni, ndi mwana wa eni ake. Koma uyu ndinamubereka kumsana inu muli kumunda. Ndinamutawasa m'chipatala ngati khanda. Anali ndi mpata, pakhomo panga, phala langa lili patsogolo pake, ndipo anasankha manyazi ake kusiya dzina langa.

Inunso ndili nanu mawu, musakwiye. Munatiphunzitsa kuti thupi ndi ulemu, ndipo mwana wanu anakula akudziwa kuti kunenepa kwake ndi kunyada kwanu, mpaka pamene kunayamba kumupha anasowa pokambira. Munandiphunzitsa kuti chikondi ndi mbale yodzaza, ndipo ndi mbale yodzazayo ndinatsala pang'ono kumutsatiza kwa inu. Munkatiuzanso kuti chibale ndi fupa, sichiola. N'zoona sichiola. Koma simunatiuze kuti fupa limaima pakhosi.

Dzulo m'mawa ndinalankhula naye. Ndinati, "Dorofi, miyezi isanu ndi iwiri ndakusungira chinsinsi, ndipo chandidyera dzina, chandidyera fodya, chandidyera amalume. Ndili ndi ana aakazi, mawa adzatchedwa ana a mfiti, adzasowa wowafunsira. Lamulungu tikaweruka ku tchalitchi ndawaitana amalume ndi azimayi aja. Unene wekha. Ukapanda kunena, ndinena ine, ndipo kalata ya kuchipatala ndili nayo."

Anayamba kulira. Anati, "Munalonjeza."

Ndinati, "Ndinalonjeza ndisanadziwe kuti udzandisiya ndife nalo ndekha."

Anati, "Mukanena, ine si m'bale wanunso."

Nthawi ya phala inali itakwana, ndiye ndinapita kukaliteleka. Anamwa masipuni asanu ndi anayi, osandiyang'ana, ndipo silinabwerere. Lero sanandilankhule chiyambire m'mawa. Ali m'chipinda chanu, ndikumumva akutsokomola pamene ndikulemba pano.

Ndikuopa, Amayi. Mwina anthu amuseka monga akuopera, kuti mayi wa m'tauni anakataya chifu chabwinobwino. Mwina ena sakhulupirira ngakhale aone mabala. Mwina sadzandikhululukira mpaka imfa. Ndaziganizira zonsezi, ndipo sindisintha.

Mukawaona abambo muwapatse moni, muwauze kuti njinga yawo ikuyendabe. Ndimakukondani ngakhale ndakudandaulirani chonchi, ndipo ndikulonjezani ichi: mwana wanu sindimutaya. Andide, andikane, asandilankhule chaka chathunthu, ine ndizimusefera phala kasanu pa tsiku ndi kumuperekeza ku jakisoni mwezi uliwonse, kufikira ataima yekha. Koma Lamulungu ndikanena.

Ndine mwana wanu,
Neliya